Beseni Loyamba la Boti la Tafika

Chilomoni, Blantyre
7 Epulo 2025

Okondedwa achemwali a Pauline,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Fanuel ndi ana. Kuno tili bwino, ine ndi mlamu wanu Ruth, kupatula bondo langa lija limene layamba kulosera mvula kuposa a zanyengo. Musaseke poona kuti ndalemba papepala foni ilipo. Pafoni inu mumangoti "chabwino, chabwino" uku mukutembenuza mandasi, ndipo nkhani imene ndili nayoyi ikufuna munthu wokhala pansi.

Chimwalirireni bambo, zinthu zitatu zimene anatisiyira zikungoyenda zopanda dzina. Boti la Tafika likupita panyanja m'manja mwanu. Mng'ono wathu Davie akuyendetsa chigayo cha mpunga ku Lifuwu. Tirumu ya mayi ija mwaikulitsa mpaka mabenchi afika pansi pa mtengo wa mango. Zonse zikuyenda, tithokoze Mulungu. Koma munthu akafunsa kuti mwini wake ndani, timangoyang'anana.

Tsono pali mnzanga wina, a Macdonald, amene timaimba limodzi kwaya ya abambo kutchalitchi. Analawa mpunga wa Davie kunyumba kuno ndipo anapempha mbale yachiwiri osachita manyazi. Akufuna kuikapo ndalama zawo kuti tigule makina atsopano osaswa mpunga, tiziuika m'mapaketi n'kumagulitsa m'masitolo akuluakulu. Koma masitolowo sagula kwa munthu wongobwera ndi thumba pamutu. Amafuna kampani yolembetsedwa kuboma, ya akaunti kubanki ndi malisiti ake.

Maganizo anga ndi awa. Tilembetse kampani imodzi ya limitedi, dzina lake Kamphinda ndi Ana. Boti, chigayo ndi tirumu zilowe momwemo. Ife atatu tikhale ndi masheya athu, a Macdonald akhale ndi gawo lawo. Kulembetsa kamodzi, chikwangwani chimodzi. Chimene iwo apempha n'chakuti chilichonse cholowa ndi chotuluka chizilembedwa: thumba lililonse la mpunga, kapu iliyonse ya tiyi, ndowa iliyonse ya usipa yotsika m'boti.

Ndikaganiza dzina la bambo litalembedwa papaketi, pashelefu ya sitolo imene iwo sakanayerekeza n'kulowamo ndi zigamba zawo zija, mtima umandichita zinthu. Ndiyankheni msanga. Ndipo ngati usipa ulipo, dalaivala wa minibasi uja mukumudziwa.

Ndine mlongo wanu,
Lenard

Senga Bay, Salima
23 Epulo 2025

Mlongo wanga Lenard,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndaiwerenga nditakhala pansi, mafuta nditaphula, monga unafunira. Tonse tili bwino. Alamu ako akupereka moni. Akuti bondo limenelo usiye kulipatsa ulemu, uziyenda nalo.

Mvula yatha bwino kuno. Usipa ukupezeka pang'onopang'ono, mwezi ukada asodzi athu sabwera chimanjamanja. Thandala lina loyanikira nsomba linagwa ndi chiswe, koma takonza. Ku tirumu ndalemba mtsikana wothandiza chifukwa a kabaza akuchuluka m'mawa, ndipo amamwa tiyi ngati akuthira m'thanki ya galimoto.

Mayi Nafisa, akazi a malemu Che Bwanali aja, anadwala chifuwa koma adzuka. Dzulo ndinawaona kugombe ndi kambale kawo kobiriwira. Amakufunsa. Akuti kodi mwana wa mutu waukulu uja anakula n'kuupeza mutuwo, kapena mutu ukadali patsogolo?

Usipa wako ndapatsira dalaivala. Umuuze Ruth asauviike nthawi yaitali, ndi wofutsa.

Za kampani ndamva.

Ndine mlongo wako,
Pauline

Lifuwu
12 Meyi 2025

Akulu,

Moni kwa inu ndi alamu. Ndilemba mwachidule chifukwa magetsi ayaka ndipo anthu ali pamzere ndi matumba awo.

Ine za kampani ndavomera ndi manja awiri, ndi miyendo yomwe. Makina athuwa akalamba. Ukathira kilombero wabwinobwino amatulutsa misere. Mayi ena dzana anandifunsa ngati ndatsegula chigayo cha phala la ana.

Koma achemwali sindikuwamvetsa. Lamulungu ndinapita ku Senga Bay. Ndinati, "Achemwali, tisaina liti?" Iwo anati, "Imwa tiyi." Ndinamwa. Nditafunsanso anandiwonjezera sikono. Mimba itadzaza ndinasiya kufunsa. Ndikukwera njinga kuti ndizibwerera, ndi pamene anandiitana n'kundifunsa kuti, "Kodi a ku Blantyre aja akuti ndowa iliyonse?" Ndinati eya, iliyonse, ndi mmene makampani amayendera. Anangoti, "Oo," n'kulowa m'kati.

Ine ndikukayikira alamu a Fanuel. Masiku ano sachoka kugombe, ndipo boti alipaka okha utoto wa buluu popanda wowatuma. Munthu sapaka utoto chinthu cha eni. Sindikunena kuti akufuna boti, ndikungonena zimene maso aona.

Mukapeza lamba wa makina ngati uja munatumiza chaka chatha, munditumizire. Amene alipoyu ndamusoka mpaka akufanana ndi ukonde.

Mng'ono wanu,
Davie

Chilomoni, Blantyre
26 Meyi 2025

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Usipa unafika, ndipo tikudya mosamala ngati mankhwala. Koma yankho lanu linali la mawu atatu, ndipo ndawatembenuza mbali zonse osapezamo inde kapena ayi. A Macdonald akhala akundifunsa, moti Lamulungu lapitali ndinatulukira khomo lakumbuyo kwa tchalitchi ngati munthu wothawa chopereka.

Ndinene mosabisa, poti tinayamwa bere limodzi. Ndamva kuti alamu apaka boti utoto. Ngati inu ndi alamu mukuona kuti boti liyenera kukhala lanu, chifukwa ndinu amene mumadzukira kugombe tsiku ndi tsiku, nenani. Sindikwiya. Ine ndinachoka kalekale, manja anga anazolowera cholembera. Chimene chikundipweteka ndi kukhala chete kwanu.

Masiku ano ndikumakumbukira kwambiri chaka chija ndili sitandade 2, chimene tinkadya nsomba tsiku lililonse. Lero utaka, mawa usipa, tsiku lina mutu wa kampango wosakwana m'mbale. Mayi ankakazinga pakhomo, inu n'kumandichotsera minga uku mukundikalipira kuti ndimadya ngati ndikuthamangitsidwa. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndi moyo sindikumbuka chaka china chokoma ngati chimenecho. Panalibe wonena kuti ichi n'changa, icho n'chako. Ndi umodzi umenewo umene ndimafuna kuuika papepala, kuti ana athu asadzakangane ife titapita.

Ngati ndalakwa, mundiuze polakwapo.

Mlongo wanu,
Lenard

Senga Bay, Salima
9 Juni 2025

Lenard mlongo wanga,

Kalata yako inandiseketsa kaye, kenako inandiliza. Alamu ako ndawawerengera. Akuti ndikuuze kuti boti alibe nalo ntchito, iwo amachita chizungulire ngakhale m'bwato lomangirira pamtengo. Analipaka utoto chifukwa unatsala popaka tirumu, ndipo sakonda kutaya chinthu. N'chifukwa chake boti ndi tirumu zikufanana ngati mapasa. Amene anakuuza za utotoyo ndikumudziwa, ndipo ndithana naye.

Tsopano tamvera. Chaka chokoma chimene ukunenacho ndi chaka chimene tinalibe boti. Mwera unaswa boti loyamba la bambo pamiyala, ukonde unapita, ndipo bambo anakhala miyezi yambiri akusoka maukonde a anthu ena. Iwe unali wamng'ono, sitinakuuze.

Nsomba zija zinkachokera m'boti la Che Bwanali. M'mawa uliwonse mayi ankanditenga kupita kugombe. Boti likamakocheza, tinkagwira chingwe pamodzi ndi anthu ena n'kumalikokera kumtunda. Ine ndinali kamtsikana, mphamvu zanga sizikanasuntha ngakhale nkhafi. Koma boti likangokhala pamchenga, Che Bwanali ankatsitsa beseni loyamba lodzaza, n'kulisiya pansi, n'kutembenuka kuyang'ana kunyanja ngati aiwalako kanthu. Akazi awo, mayi Nafisa, ankagawira aliyense amene wagwira chingwe. Tsiku loyamba mayi athu anafuna kugwada kuti athokoze. Mayi Nafisa anawagwira pamkono n'kunena kuti, "Mukuthokoza chiyani? Si mwakoka? Wakoka wadya."

Bambo atapezanso boti anatengera zomwezo. Sanalengeze kutchalitchi, sanatiuze kuti ndi lamulo. Mpaka lero boti lathu likakocheza, beseni loyamba siliyezedwa, sililembedwa, ndipo palibe amathokoza. Ine ndimayang'ana kunyanja, wamkulu pa okokawo amagawa. Amabwera amayi amasiye, amabwera okalamba olera adzukulu, nthawi zina amabwera bambo amene chaka chatha anali ndi boti lake. Ndipo amabwera mayi Nafisa. Ana awo ali kutali, boti lawo linawola kalekale. Amagwira chingwe ndi zala ziwiri.

Iwe unkaziona ukabwera patchuthi, koma unkayesa ndi malipiro a okoka boti. Ndi mmene ziyenera kuonekera.

Tsono a Macdonald akuti ndowa iliyonse. Sindikuwada, sakulakwa. Munthu akaika ndalama zake m'kampani, nsomba iliyonse ya m'botimo ili ndi kachidutswa kake, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kumene yapita. Akadzafunsa za beseni loyamba ndidzati chiyani? Ndinasowa poyambira kukuuza chifukwa nkhani imeneyi sitiikamba, ngakhale ine ndi mayi sitinaikambepo. Ndi koyamba kuiona italembedwa, ndipo dzanja langa likuchita manyazi.

Makina atsopano ndikuwafuna, Davie asamasekedwe ndi amayi a ku Lifuwu. Dzina la bambo papaketi ndikulifuna. Koma beseni lija ndikuliopera.

Ndine mlongo wako,
Pauline

Chilomoni, Blantyre
20 Juni 2025

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'minibasi pobwera kuntchito, ndipo ndinapitirira siteji yanga mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndasamukira momwemo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana anga kuti agogo awo anali msodzi wodziwa, moti chaka china nyanja inkawamvera. Nditafika kunyumba ndinamuwerengera Ruth. Mundipepesere kwa alamu.

Koma ndili ndi nkhani yabwino. Ndakamba ndi a Macdonald, ndipo sanakane. Akuti makampani ambiri amapereka zachifundo, palibe choletsa. Tingoyeza besenilo, tilembe mayina a olandira, iwo asaine kapena adinde chala, kuti mabuku akhale olongosoka. Atinso pakutha pa chaka tikhoza kuwajambula chithunzi n'kuchiika kuseri kwa paketi ya mpunga, anthu aone kuti kampani yathu ili ndi mtima.

Mwaona, achemwali, zatheka. Tisaine tsopano?

Lenard

Senga Bay, Salima
30 Juni 2025

Lenard,

Tili bwino. Mutu uja ndi waukuludi, koma nthawi zina umangosunga mphepo.

Ukufuna mayi Nafisa, amene anakudyetsa chaka chathunthu, aime pamzere n'kudinda chala kuti alandira thandizo kwa ana a Kamphinda? Nkhope yawo ikaime pashelefu ku Blantyre? Tsiku limene ndidzatulutse kope kugombe, chingwe chidzasowa wogwira. Adzakhala m'nyumba zawo ndi njala yawo ndi ulemu wawo. Anthu amabwera kubeseni lija chifukwa palibe amene analitchapo chifundo.

A Macdonaldwo abwere adzaone makina ku Lifuwu. Agone kwa Davie, m'mawa awabweretse kuno. Usawafotokozere zambiri. Ungowauza kuti asavale nsapato zabwino.

Sindinakwiye. Ndatumiza mpunga.

Pauline

Lifuwu
21 Julayi 2025

Akulu,

Moni. Lamba ndalandira, zikomo. Mlendo wanu wabwera ndipo wapita. Nsapato anavala zabwino zomwezo.

Kuchigayo zinayenda bwino. Anazungulira makina, anafunsa mafunso anzeru, ananunkhiza mpunga ngati fodya. M'mawa mwake tinakwera kabaza kupita kugombe. Mwera unali utadekha, ndipo tinapeza boti lathu likuyandikira. Achemwali anangowapatsa moni n'kutanganidwa ndi mabeseni. A Macdonald anaima patali, manja kumbuyo, ngati oyang'anira mayeso.

Ndiye mkulu wina wa diso limodzi anawaona n'kunena kuti, "Inu a jekete, mwabwera kudzaonerera mpira? Gwirani apa." Anagwira. Anapezeka ali kumbuyo kwa mayi Nafisa. Funde loyamba linalowa m'nsapato, lachiwiri linafika m'mawondo. Koma akulu, munthu uja anakoka zenizeni. Okoka atayamba nyimbo, iye anaikamo besi ya kukwaya, moti anthu anatembenuka kufuna kuona kuti ng'ombe yalowa bwanji m'madzi.

Boti litakhala pamchenga, beseni linatsika, achemwali anayang'ana kunyanja. Mayi Nafisa anayamba kugawa. Atafika pa a Macdonald anati, "Mbale yanu ili kuti?"

"Ndilibe, mayi. Ine ndine mlendo, sindinabwerere nsomba."

"Mwakoka kapena simunakoke?"

"Ndakoka."

"Vulani chipewa."

Anavula, ndipo anachidzaza usipa. A Macdonald anapisa dzanja m'thumba kufuna kulipira. Mayi Nafisa anati, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire, bambo, mukufuna kugula thukuta lanu lomwe?" Atati ayambe kuthokoza, gombe lonse linaseka, ndipo mkulu wa diso limodzi uja anawauza kuti, "Muthokoze msana wanu, ndi umene wavutika."

Ku tirumu achemwali anawakazingira usipawo. Anadya nsapato zili padzuwa. Atamaliza anati, "Mayi, boti ili ine ndisalowemo. Ndikudzidziwa, ndikalowamo ndidzayamba kuyeza, ndi mmene ndinabadwira. Ndipatseni gawo kuchigayo, kumeneko kuyeza n'kofunika." Achemwali anangowawonjezera sikono, koma ulendo uno ndinaona kuti ndi sikono ya inde.

Za ine, mlandu wa utoto unazengedwa. Alamu andilamula kuti ndipake chigayo utoto umene unatsala popaka boti. Tsopano zonse zitatu ndi za buluu. Mwina umodzi umene mumafuna uja ndi umenewu.

Davie

Chilomoni, Blantyre
4 Ogasiti 2025

Okondedwa achemwali ndi iwe Davie,

Kalatayi muwerengerane. Tili bwino, ndipo a Macdonald akumavala chipewa chija kukwaya ngakhale oimba anzawo ayamba kukhala patali.

Tinapita nawo kwa loya wina, mayi Lilian, amene amathandiza anthu kulembetsa mabizinesi. Ndinawafotokozera zonse, ndi za beseni zomwe, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anati kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo chingwe akuchidziwa.

Anati njira zilipo zingapo. Munthu akhoza kulembetsa dzina la bizinesi payekha. N'zosavuta, koma iye ndi bizinesiyo ndi thupi limodzi, ikalakwa amagwidwa ndi iyeyo. Anthu angapo akhoza kungogwirizana n'kumachitira limodzi, koma pamenepo cholakwa cha mmodzi chimagwera onse mpaka mipando ya m'nyumba. Pamene kampani ya limitedi imaima payokha pamaso pa lamulo ngati munthu. Ikagwa imagwa ndi katundu wake.

Kenako anandifunsa kuti, "Bambo Kamphinda, boti lanu likadzagundana ndi lina, kapena msodzi wanu akadzavulala, mukufuna odandaulawo adzanyamule makina a mpunga ku Lifuwu?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga bwanji mukufuna kuziika m'kampani imodzi? Zikakhala pamodzi, tsoka la chimodzi ndi tsoka la zonse." Ndinakumbukira mwera uja unaswa boti la bambo. Ndinazindikira kuti ine ndimafuna kukweza chigayo ndi tirumu m'boti.

Tsono tagwirizana motere, ngati inu muvomera. Chigayo chikhale kampani yake, Kamphinda ndi Ana, eni ake ife atatu ndi a Macdonald. Kumeneko thumba lililonse lilembedwe. Boti likhale kampani ina yaing'ono, eni ake ife atatu basi, ndipo wofuna kugulitsa gawo lake ayambe wapatsa mwayi abale ake. Tirumu ndi yanu, achemwali, inuyo ndi amene munaiukitsa mayi atadwala. Muilembetse m'dzina lanu. Loya akuti ngozi yake yaikulu ndi kupsereza mandasi.

Kuvuta kwake kulipo. Makampani awiri ndiye kuti maakaunti awiri kubanki ndi malipoti awiri kuboma chaka ndi chaka. Ntchito imeneyo ndaitenga ine, manja a cholembera aja apeze phindu. Iwe Davie uleke kutapa m'kabati ya chigayo kukagulira petulo wa boti poti zonse n'za bambo. Ndipo mankhusu a mpunga amene mumakolezera moto ku tirumu, achemwali, tsopano ndi a kampani. A Macdonald akuti adzalola posinthana ndi masikono.

Chinatitengera nthawi ndi beseni. Ndinati lilembedwe m'pangano la eni boti, kuti mwana wathu wina wophunzira kwambiri asadzalithetse ife kulibe, monga ndikanachitira ine. Koma lilembedwe bwanji popanda mawu oti chifundo, popanda dzina la munthu? Loya anayesa kawiri katatu, chilichonse chimamveka ngati chikalata cha bungwe logawa ufa. Pomaliza ndinangonena mmene bambo akananenera, ndipo analemba momwemo: "Eni ake agwirizana kuti nsomba za kampani zimayambira pa beseni lachiwiri."

Ndiyankheni, achemwali, ndipo chonde mawu apitirire atatu.

Mlongo wanu,
Lenard

Senga Bay, Salima
12 Ogasiti 2025

Mlongo wanga,

Mutu uja waupeza. Bwera tidzasainire kuno. Ubwere ndi chipewa.

Pauline

Senga Bay, Salima
25 Ogasiti 2025

Ruth wanga,

Ndafika bwino, ndipo onse akupereka moni. Kwa nthawi yoyamba ndine amene ndikulemba kuchokera kuno, ndipo sindikudziwa kuti ndipemphe chiyani kwa anthu a m'tauni. Mwina munditumizire nkhani za ana basi.

Tasaina Loweruka, patebulo la ku tirumu, alamu a Fanuel ndi mboni. Pepala limodzi ladontheredwa mafuta a mandasi pakona. Achemwali akuti ndicho chidindo chawo. Davie anasaina ndi zala za buluu.

Lero m'mawa ndinapita kugombe. Gombe lasintha, Ruth. Pamene panali bango pali nyumba zogona alendo, ndipo ana amene amathamanga pamchenga sindikudziwa kuti ndi a yani. Koma fungo ndi lomwe lija, ndipo boti litaonekera anthu anayamba kutuluka m'tinjira mmodzimmodzi, aliyense ndi kambale m'khwapa, aliyense akuyenda ngati akungodutsa.

Ndinagwira chingwe kumbuyo kwa mayi Nafisa. Achepa thupi kwambiri. N'zoona, amagwira ndi zala ziwiri. Osatembenuka anati, "Ndani akupuma ngati mvuu kumbuyo kwangaku?"

"Ndine Lenard, mayi, wa a Kamphinda."

"Wa mutu uja? Koka kwambiri iwe, unadyeratu."

Ndinakoka. Bondo linadandaula, sindinalimvere.

Beseni litatsika, achemwali anatembenukira kunyanja, Davie naye anatembenuka. Ine ndinasokonezeka, osadziwa ngati ndili wa oyang'ana kunyanja kapena wa okoka. Mayi Nafisa anandiona ndikuzungulirazungulira n'kundifunsa kuti, "Iwe ndiwe mwini boti kapena wokoka?"

Ndinati, "Umwini wanga umayambira pa beseni lachiwiri, mayi."

"Ndiye bweretsa chipewa."

Akuthira usipa m'chipewamo, mawu othokoza aja anandifika pakamwa. Achedwa zaka makumi anayi, ndipo ndimafunitsitsa kuwanena. Mayi Nafisa anandiyang'ana m'maso, anawaona akubwera, n'kupukusa mutu pang'ono. Ndinawameza.

Atagawira onse anadzithirira zotsala m'kambale kawo kobiriwira. Ndinawapempha kuti ndiwanyamulire mpaka kunyumba. Anaganiza kaye, kenako anati, "Zimenezo n'zololedwa." Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akundifotokozera mmene ndinkalirira mutu wa kampango.

Ndinati ndibwera Lachitatu, koma mundidikire mpaka Loweruka. Mwezi ukadali wakuda, boti lipitanso, ndipo malo anga pachingwe ndawapeza.

Ndine wanu,
Lenard